Mphuno ya ba Fanwell

Ku Mtendere kunalibe munthu wosadziwa kuyetsemula kwa ba Fanwell. Mitengo ya mango ikangochita maluwa mu Ogasiti, mphuno yawo inkafalitsa uthengawo mpaka ku Kalikiliki. Nkhuku zinkathawira pansi pa bedi. Tsiku lina pamsonkhano wa chipani, tcheyamani atakweza dzanja kuti ayambitse mfuu, ba Fanwell anayetsemula, ndipo khamu lonse linayankha mfuuyo mwachizolowezi.

Atatopa nazo anapita kukiliniki. Sisita anawauza kuti ndi mungu wa maluwa ndi fumbi. Anati paubwana vutoli limakonda anyamata, ana akatha msinkhu limachulukira akazi, ndipo munthu akakalamba kawirikawiri limachepa.

Ba Fanwell, a zaka makumi asanu ndi limodzi, anangotolapo mawu omalizawo. Analunjika pamzere wa sopo pomwe panaima ba Rhoda, mayi wamasiye wa m'kwaya, amene anali atawakana kawiri ponena kuti sakufuna kulera nkhalamba.

"Ba Rhoda, ba sisita bakamba kuti nkhalamba siziyetsemula. Ine nikali mnyamata."

"Mnyamata wa mano angati, ba Fanwell?"

"Mano ni vinthu vogula. Mvelani mphuno."

Anayetsemula kamodzi, mzere wonse n'kupindika. Ba Rhoda anakonza duku lawo nati, "Mukazayetsemula tero chaka chamawa, tizakamba."

Chaka chinatha, mango anachita maluwa, koma mphuno inangoti zii. Ba Fanwell anagwedeza nthambi atayang'ana kumwamba. Anasesa bwalo lonse la tchalitchi popanda wowatuma, mpaka abusa anawatchula mu ulaliki ngati chitsanzo cha kudzipereka. Mphuno osagwedezeka. Pamapeto pake anazembera kumsika n'kugula fodya wa m'mphuno kwa agogo ena.

Pakhomo pa ba Rhoda anayetsemula kasanu ndi kawiri, misozi ili chuchuchu. Ba Rhoda anawapatsa kampango koyera kopita nako kutchalitchi. Kanabwerera katathimbirira.

"Maluwa ya chaka chino ni yakuda?"

"Ni mtundu wina wa mango, wa ku Chipata."

Ba Rhoda ananunkhiza kampangoko, nawonso n'kuyetsemula.

"Mwaona?" anatero ba Fanwell. "Na imwe mukali mtsikana."

Ba Rhoda anaseka mpaka kutsamira chitseko. "Nkhalamba yonama monga mwana. Ngenani, tiyi izazizila."

Anakwatirana kutchalitchi mvula isanagwe, ndipo anakhala limodzi zaka zisanu ndi zitatu. Fodya sanalowenso m'nyumbamo, ndipo mphuno ija sinalirenso kwenikweni, koma Ogasiti aliyense ba Fanwell ankatuluka panja n'kuyetsemula dala kamodzi, kuti anthu adziwe nyengo.

Anamwalira mu Julaye, kukuzizira. Chaka chimenecho anthu a ku Mtendere anangozindikira timango tanthete tagwa pansi, osadziwa kuti maluwa anabwera liti. Kampango kaja kali m'Baibulo la ba Rhoda, ndipo sanakachape.