Mphalapala ya Apongozi

Mpaka lero mlamu wanga Saide akandiona amayamba n'kuseka, moni amapereka pambuyo. Sindimuimba mlandu. Ndikanakhala iyeyo, nanenso ndikanaseka.

Ine ntchito yanga ndi yojambula maukwati. Muno m'tauni ya Lichinga, kuyambira ku Namacula mpaka ku Lulimile, palibe mkwatibwi amene sadziwa mawu anga. Koma apongozi anga aamuna ntchito imeneyi sankaiwerengera. Pondionetsa kwa alendo ankati, "Uyu ndi mkamwini wanga, amajambula anthu akudya mpunga." Zinkandipweteka, sindinama.

Apongoziwo anali mlenje paunyamata wawo, nkhondo isanawathamangitsire ku Malawi. Atabwerako anakhazikika ku Chiuaula, ndipo tsopano miyendo inakana. Lachisanu lina titachoka kumzikiti, tili pakhonde, anausa moyo.

"Ndisanafe ndikanakonda nditaonanso mphalapala ya kudambo la kwathu," anatero.

"Baba, zimenezo n'zazing'ono," ndinayankha. "Ndikubweretserani papepala."

Pakamwa inu! Munthu amene nyama yakutchire yomwe ndinaionapo inali nyani wa m'mbali mwa msewu. Apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kungoti, "Inshallah." Mkazi wanga, yemwe amabwera ndi tiyi, anatsala pang'ono kugwetsa thireyi.

Chisokonezo chinayamba posankha zoti nditenge. Ndinatsegula foni kuti ndione akatswiri. Woyamba anali ndi lenzi yaitali ngati munsi, akuti popanda imeneyi musachoke pakhomo. Wachiwiri anati lenzi si kanthu, chachikulu ndi miyendo itatu yoimikira kamera. Wachitatu anati miyendo itatuyo ndi katundu wa anthu aulesi. Ndinazimitsa foni mutu uli zwee. Ndiye ndinaimbira Saide, mchimwene wa mkazi wanga, amene amakhala kumudzi komweko, kupitirira Sanga.

"Akunyado, alamu anga, tengani madzi ambiri, nsapato zolimba ndi mabatire," anatero. "Basi."

"Basi?"

"Basi."

(Mumtima ndinati, mlimi wa nyemba angadziwe chiyani za kamera?)

Chikwama chinali chimodzi, poti ulendo unali wa pa njinga yamoto. Ndinalongedza ndi kumasula kanayi. Mkazi wanga akaika mabotolo a madzi, ine kuchotsa. M'malo mwake ndinaika fulashi, ambulera yanga yoyera yowalitsira nkhope za akwati, mafuta onunkhira, ndi kazako, chijekete changa chachikulu cha ubweya. Musandiseke pa kazakoyo. Munthu wa ku Lichinga mwezi wa Juni sachoka pakhomo wopanda kazako, ngakhale atamuuza kuti akupita kumoto. Ndinavala malaya anga abuluu a kuntchito ndi nsapato zosongoka. Batire lachiwiri, pa kulongedza ndi kumasula konseko, linatsala patebulo. Ndinalikumbukira titadutsa kale mitengo ya paini yomaliza.

Titatsika phiri, dzuwa linandilandira ngati ndinaliba. Tinafika kumudzi madzulo, ine thukuta kamukamu, kazako ali m'khwapa. Anthu atangoona kamera pakhosi panga, mudzi wonse unalowa m'nyumba. Ndinadabwa. Kodi ndalakwa chiyani? Posakhalitsa anatuluka, amayi atavala makapulana, zitenje zawo zatsopano, abambo atavala mikanjo ya pa Idi. Azakhali a mkazi wanga anakhala pampando pakati pa bwalo, manja pamaondo.

"Yambani ndi ine, akamwini."

Mkamwini angakane bwanji? Ndinajambula azakhali, ndinajambula ana awo, ndinajambula mwamuna wina ali ndi njinga yake, kenako njingayo payokha. Aliyense amafuna kudziona pagalasi la kamera, n'kuti, "Ayi, apa ndatsinzina, bwerezani." Pomwe ndimamaliza, batire linali litatsala kamzere kamodzi. Ndinafunsa Saide kuti magetsi ali kuti. Anandilozera njira yomwe tinabwerera.

M'mawa mwake tinalowa m'tchire. Sitinayende patali, Saide anaima n'kununkhiza.

"Akunyado, mwadzola chiyani?"

"Mafuta chabe."

"Wallahi, nyama zakumvani mpaka ku Tanzania."

Anandipaka matope m'khosi ndi m'khwapa, ine nditakweza manja ngati mwana akusambitsidwa. Kenako anabwera akashembe. Palibe anandiuza kuti ntchentche zimenezi zimakonda mtundu wabuluu. Saide, ndi malaya ake akale ofiirira, amayenda mwamtendere, pomwe ine ndimadziomba mbama kumsana ngati wamizimu. Kuti ndidziteteze ndinavala kazako uja. Tangoganizani, dzuwa lili pamutu, munthu ali m'kazako wa ubweya, matope m'khosi, nsapato zosongoka zikumudya zala, ambulera ikukodwa paminga iliyonse. Madzi anga, kabotolo kamodzi komwe mkazi wanga anabisa pansi pa chikwama, anatha tisanafike n'komwe. Saide anandipatsa ake akumwetulira, ndipo kumwetulirako kunandipweteka kuposa akashembe.

Padambo tinabisala m'tchire lowirira. Tinadikira, kudikira, kudikira. Ndinayamba kuganiza kuti mphalapala ndi nyama ya m'maloto a apongozi. Ndinafunsa monong'ona kuti ambulera ndiitsegulire mbali iti. Saide anandiyang'ana ngati ndatukwana.

Dzuwa litapendeka anandigwira pabondo. Mphalapala inali itaima kutsidya kwa madzi, pafupi ndithu. Yakuda bii, mimba yoyera, nyanga zopindikira kumsana ngati zikwakwa ziwiri. Abale, chinyama chokongola! Apa ndinamvetsa chomwe nkhalamba ija imausira moyo.

"Jambulani," Saide ananong'ona.

Ndinakweza kamera. Koma nyamayo inali itawerama, ikumwa madzi, nkhope itayang'ana kwina. Zaka khumi ndakhala pantchitoyi, sindinajambulepo munthu atayang'ana kumbali. Sindinaganize n'komwe. Dzanja lamanzere linakwera lokha m'mwamba, zala zinalira thwa thwa, ndipo pakamwa panga panafuula monga pamachitira Loweruka lililonse:

"Atensau! Yang'anani kuno!"

Fulashi ng'ani! Fumbi koboo! Kamera zii, batire latha.

Saide anagona chagada m'udzu, akuseka mpaka misozi. "Munaiwala kuiuza kuti imwetulire," anatero atapeza mpweya.

Nditabwerera ku Lichinga ndinatsukitsa chithunzi chimodzi chokhacho. Munali fumbi, udzu wopendekera, ndipo pakona, miyendo iwiri yakumbuyo ndi mchira. Ndinakhala nacho masiku atatu m'chikwama. Mkazi wanga anati, "Pitani, Baba akhala akufunsa tsiku lililonse." Ndinapita.

Ndinawapeza pakhonde pomwepo. Ndinagwada n'kupereka ndi manja awiri. "Baba, pepani. Ndalephera."

Anavala magalasi. Anachiyandikiza, anachitalikitsa, anachitembenuza. Ine ndimangoyembekeza chigamulo.

"Ndi yomweyi," anatero pomaliza. "Ndi yomweyi ndithu."

"Koma Baba, nkhope sikuoneka."

Anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati apongozi aakazi ali pafupi, n'kundikodola kuti ndisendere.

"Mwanangu, zaka zonse ndinasaka kudambo lija, nkhope yake ndinaionapo liti? Ine mphalapala ndimaidziwa chonchi, ikupita." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mkanjo. "Usawauze amayi ako. Iwo amadziwa kuti ndinapha zitatu."

Aka kanali koyamba kunditchula mwanangu. Chisangalalo chinandikwera kumutu, ndipo pakamwa paja panatsegukanso pokha. Ndinawalonjeza njovu.