Azakhali Etelka ndi Maambulera Oiwalika

Azakhali Etelka anagwira ntchito m'nyumba yathu ya masewero oimba ku Budapest zaka makumi anayi ndi zitatu, koma sewero sanaonerepo ngakhale limodzi. Ntchito yawo inali yosunga zikhoti pakhomo. Ukafika umavula chikhoti, iwo n'kuchikoleka pa msomali, n'kukupatsa kachitsulo ka nambala. Basi. Komatu chaka ndi chaka, ikamayandikira Nyali ya Siliva, mphotho ija amapatsa woimba wa pasiteji amene waposa onse m'dziko muno, anthu sankafunsa olemba nyuzi. Ankatsika masitepe kukafunsa Azakhali. Ndipo sankaphonya.

Ine ndine Gáspár. Ndinali kalipentala wa pasiteji mpaka mawondo atakana. Ndinena zomwe ndinaona.

Anali mayi wamfupi, wotakata, ndudu ili pakamwa nthawi zonse ngakhale panali chikwangwani choletsa pamwamba pa mutu wawo. Chakudya chawo chinali chimodzi: buledi wopaka mafuta a nkhumba, anyezi pamwamba. Ankamukulunga m'tsamba la nyuzi lomwe akatswiri amalembamo za masewero. Amati tsamba limenelo limamwa bwino mafuta.

Ndili wachilendo pantchito ndinawafunsa.

"Azakhali, mumadziwa bwanji inu osalowa m'holo?"

"Ndikalowe kukatani? M'menemo anthu amanama. Amaomba m'manja chifukwa woyandikana naye akuomba. Bwera kuno, gwira aka."

Anandipatsa kachitsulo kamene munthu anali atangobweza.

"Katentha," ndinatero.

"Katentha chifukwa anakatulutsa nyimbo yomaliza isanathe. Anakafumbata m'manja, mtima uli pa thiramu, sitima ya mumsewu yomutengera kwawo. Woimba akakhala woimbadi, kachitsulo kamabwera kozizira. Mwini wake amayamba kukafunafuna ali pamaso panga pano, ngati wadzuka kumene."

Chizindikiro chachikulu chinali shelefu ya kuseri. Pamenepo ankaikapo zoiwalika: maambulera, magolovesi, zipewa, mipango ya m'khosi. Sewero likakhala lachabechabe, shelefu inkakhala mbee. Anthu ankatuluka ndi zawo zonse, ena ndi za anzawo zomwe. Koma woimba akawagwira mtima, ankapita kwawo mutu uli pamtunda, chipewa atachisiya.

Za nyumba zina ankazimva Lolemba, tsiku lomwe sitisewera. Ankakumana ku dziwe la madzi otentha ndi anzawo osunga zikhoti. Amayi asanu ndi awiri, madzi olekeza m'khosi, mitu yokha ikuyandama, akuuzana za maambulera. Oweruza enieni a dziko lino anali amenewo.

Chaka china nyuzi zonse zinati Nyali ndi ya Piroska, woimba wathu wamkulu wachizimayi. Anthu ankaomba m'manja mpaka ine kutopa ndi kukoka chinsalu. Piroska anasoketsa diresi lobiriwira la pa mwambo wa mphotho, n'kutsika nalo kukaonetsa.

"Azakhali, likundikhala bwanji?"

"Likukukhala. Uli ndi ukwati?"

"Ukwati wa chiyani? Ndi la pa Nyali!"

"Funa ukwati, mwanawe, lingaonongeke ndi njenjete."

"Inu simumva mmene akuombera m'manja?"

"Ndikumva. Akutenthetsa zala, kunja kukuzizira. Miyezi itatu, golovesi imodzi. Nayonso inali yobooka."

Piroska sanawalankhule chaka chathunthu. Diresi analivala pa ukwati wa mphwake.

Zitatero, bwana wathu wamkulu, a Lőrinc, analetsa zolosera. Amati zikugwetsa anthu mphwayi. Azakhali anangoti, "Chabwino, bwana." Patapita sabata ndinawapeza bwanawo ataima pakauntala, manja kumbuyo.

"Ndangobwera kudzaona misomali ngati ili yolimba."

"Ndi yolimba, bwana."

"Nanga shelefu ija? Sikulemedwa?"

"Ikupuma, bwana. Chaka chino ikupuma kwambiri."

Bwana anakwera masitepe ngati munthu wochokera kumaliro. Lamulo lija linathera pomwepo.

Koma amene anavutika ndi Azakhali kuposa onse anali Dezső, woimba wathu wachimuna. Munthu wamimba, wa mawu aakulu, wokonda kuima pakati pa siteji. Dzina lake linalowa pa mndandanda wa Nyali kanayi. Kanayi konse ankatsika ndi maluwa.

"Azakhali anga okongola, chaka chino ndiye bwanji?"

"Ayi."

"Simunayang'ane n'komwe pa shelefu!"

"Ndimagona nayo m'mutu. Ayi. Maluwawa kapatse amayi ako."

"Ndilakwa pati?"

"Umaimba kuti akuone. Akuonadi. Akatha kukuona amakumbukira chipewa."

Ulendo wachitatu Dezső anaganiza zanzeru. Anaitanitsa abale ake kumudzi, basi yodzaza, n'kuwauza kuti aliyense aiwale kanthu. Tsiku limenelo shelefu inachita kupindika. M'mawa mwake anatsika akuimba mluzu.

"Ndamva kuti dzulo kunali zinthu kuno."

"Kunalidi. Maambulera makumi awiri ndi asanu ndi awiri."

"Mwaonatu!"

"Mwezi wozizira uno, mvula inagwa liti? Taona iyi, ilibe chogwirira. Iyi yatsala mafupa okhaokha. Iyi ili ndi dzina la amayi ako, analisoka ndi ulusi wofiira." Anayatsa ndudu ina. "Tamvera, Dezső. Munthu wogwidwa mtima amaiwala chinthu chabwino, ndipo mawa lake amabwera wamanyazi kudzachitenga. Abale akowa angotaya zinyalala. Nyamula."

Ananyamula. Ndinamuthandiza kuwamanga ndi chingwe. Anakwera nawo thiramu ngati wogulitsa nkhuni.

Zaka zinapita. Dezső anafika zaka makumi asanu ndi limodzi, mawu apamwamba anamuthawa. Pakati pa siteji panaima ena. M'sewero latsopano anamupatsa mbali ya nkhalamba yoyang'anira siteshoni ya sitima, yokhala ndi nyimbo imodzi yokha chakumapeto, yoimba atakhala pa benchi. Benchilo ndinakhoma ine. Anadandaula kuti ndi lolimba. Ndinamuuza kuti siteshoni si hotela.

Dzina lake linalowanso pa mndandanda, kachisanu. Nthawi yomweyo mkulu wake Ambrus, amene ankasamala munda wa mapichesi wa makolo awo, anadwala msana. Anatumiza mawu: bwera udzatenge munda nthawi yodulira mitengo isanakwane, apo ayi ndiugulitsa. Kudulira ndi mwezi wa Malichi. Nyali amapereka mu Meyi. Dezső sakanatha kudikira oweruza. Analemba kalata yosiya ntchito, n'kuiika m'thumba la jekete.

"Achimwene," anandiuza, "Azakhali akati ayi, ndikupereka kalatayi. Ndikadulire mitengo. Sindingafere pa benchi lanu."

Anatsika wopanda maluwa. Ine ndinamutsatira ndi hamala, ngati ndili ndi ntchito kumeneko.

"Azakhali, ndiuzeni. Musandinyengerere."

"Ndinayamba ndakunyengererapo?"

"Ndiye nenani."

Azakhali anakoka ndudu. "Sindinadziwebe."

Mawu amenewo sindinawamvepo kwa iwo. Hamala inatsala pang'ono kundigwera paphazi.

"Tizitsulo tikubwera tozizira," anatero. "Anthu akutuluka osalankhula. Dzana mayi wina anasiya mpango wa silika, anabwera dzulo nkhope ili pansi. Bambo wina anafika kwawo ataiwala mkazi wake pakhomo pano."

"Eya! Mkazi wathunthu!"

"Ameneyo sindikumuwerengera. Ndimamudziwa, anachita dala. Vuto ndi la kutsidya kwa mtsinje. Kuli mnyamata wina woimba kwinaku akuvina mozondoka, anzanga akuti kumeneko shelefu ikulira. Ndipatse mpaka Lamlungu."

"Ambrus akufuna yankho Lachinayi."

"Ndati Lamlungu. Ambrus adikire. Ugontha unayamba liti?"

Lamlungu tinali ndi sewero la masana. Kunja kunkagwa chipale chofewa. Dezső atakhala pa benchi kuti ayambe nyimbo yake, ndinaona kamzere ka kuwala kumbuyo kwa holo. Wina anali atatsegula chitseko pang'ono. Zimenezo zimandinyansa. Ndinalumbira kuti ndikamupeza ndimutukwana. Kuwalako kunakhalapo mpaka nyimbo inatha, kenako kunazima. Ndinaiwala.

Akuti anthu atatuluka Azakhali anapereka zikhoti zonse osasokoneza ngakhale chimodzi. Dezső anathamangira pansi asanapukute zopaka kumaso, koma anapeza atapita kale.

Lolemba Azakhali sanaoneke ku dziwe. Lachiwiri m'mawa mayi woyandikana nawo nyumba anawapeza atakhala pampando, atauma. Dokotala anati mtima. Ena pano amakonda kunena kuti inawapha ndi nyimbo. Zabodza. Zaka makumi asanu ndi atatu, ndudu paketi ziwiri patsiku, mafuta a nkhumba m'mawa ndi madzulo. Nyimbo isiyeni.

Lachitatu Dezső anandipeza pansi paja ndikuchotsa katundu wawo. Kalata inali m'manja.

"Sanasiye mawu?"

"Sanasiye."

"Kwa wina aliyense? Kapepala?"

"Azakhali ndi mapepala? Ankangokulungiramo buledi."

"Ndiye kuti ndi ayi. Anachita manyazi kundiuza kachisanu."

"Manyazi ankawadziwira kuti?"

Ndinakankha chitseko cha kuseri kuti nditulutse mpando wawo. Kuseri kwa chitsekocho kunali msomali umodzi wopanda nambala, wawowawo. Pamsomalipo panali chikhoti chofiirira. M'thumba munali magolovesi ndi khadi la thiramu.

Tinachiyang'ana tonse awiri.

"N'chawo?" anafunsa Dezső.

"N'chawo."

"Anapita bwanji kunyumba?"

Ndinali nditamufunsa kale mayi woyandikana nawo uja za tsikulo, koma sindinamvetse. Anati Lamlungu madzulo Azakhali anafika wapansi, atavala juzi yokha, chipale chili m'tsitsi, akung'ung'uza kanyimbo kosalongosoka. Atawafunsa za chikhoti anadziyang'ana, n'kunena kuti, "Aa, zopusa." Ndinamuuza Dezső zimenezo. Ndinamuuzanso za kamzere ka kuwala kaja.

Anagwira mkono wa chikhoticho, n'kuufinya ngati ali pamsika.

"Achimwene, inu mumadziwa zinthu. N'chabwino chimenechi?"

"Ubweya weniweni. Anagula chaka chatha."

"Si zinyalala?"

"Si zinyalala."

Anapinda kalata ija kanayi, n'kuiika m'thumba la chikhoticho pamodzi ndi magolovesi. Kenako anakwera kukaimbira Ambrus foni kuti agulitse munda. Ndinkamumva ndili pansi. Mawu apamwamba aja anabwerera tsiku limenelo, pokangana ndi mkulu wake.

Mu Meyi Nyali ya Siliva anapatsa mnyamata wovina mozondoka uja.

Dezső anabwera kuntchito mawa lake nthawi yake yanthawi zonse. Piroska, amene tsopano amasewera mbali za apongozi, anamudikira pamasitepe.

"Pepa, Dezső. Koma waona? Gogo uja anaphonya pomaliza."

"Anaphonya ndani? Oweruza amabwera pa galimoto mpaka pakhomo. Alibe zikhoti. Angadziwe chiyani?"

Anthu amakanganabe za nkhaniyi m'kantini. Ine ndimati munthu amene sananene kanthu sangaphonye. Ankatiuza za mphotho chifukwa n'zimene tinkafunsa. Chomwe ankayeza ndi china.

Dezső akadali pa benchi lija, chaka chachinayi tsopano. Salidandaulanso. Mapichesi amagula pamsika ngati ife tonse.

Pakhomo paja anagwetsa kauntala. Anaikapo timakabati tachitsulo, aliyense amadzitsekera yekha. Ukasiyamo kanthu, kakabatiko kamalira mpaka ubwerere. Palibe amene amaiwala chilichonse. Fungo la anyezi linatha, la ndudu linatha. Ikamayandikira Nyali achinyamata amayang'ana m'mafoni, aliyense ndi dzina lake, onse n'kuphonya. Mwa amayi asanu ndi awiri a ku dziwe aja atsala awiri, ndipo amakamba za mawondo.

Chitseko cha kuseri sanachichotse. Woyendera za ngozi ya moto anati chikhoticho chichoke, ndi nsalu yoyaka. Ndinamuuza kuti lamulo la nyumba ino n'lakale: choiwalika chimadikira mwini wake. Anafunsa kuti mwini wakeyo abwera liti. Ndinati kawirikawiri amabwera mawa lake.

Analemba m'buku lake n'kumapita. Msomaliwo ndinaulimbitsa.