Kamfa wa Pansi pa Bedi la Anesi

A Kamfa ankayamba kumveka m'mphuno asanaoneke ndi maso. Fungo linkafika kaye, pakapita mphindi ziwiri eni ake n'kutulukira pakona atavala suti yotuwa, akuyenda ngati msewu wonsewo anaukonza okha. Dzina lawo lenileni linali pa chiphaso basi. Ngakhale akazi awo, mpaka tsiku limene anatsogola, ankawaitana kuti a Kamfa.

Ntchito yawo inali yobwereketsa masuti. Kashopu kawo kanali ka chipinda chimodzi, muli mapaipi awiri opachikapo masuti ndi galasi lalitali long'aluka pakona. M'thumba lililonse la suti iliyonse munkakhala kachidutswa koyera ka kamfa, kokulunga m'kansalu. Ankati njenjete zikangonunkhiza zimalongedza katundu, ndipo sankanama, chifukwa kwa zaka makumi atatu palibe suti yawo inabooka. Vuto linali loti ovala masutiwo ankamvanso zomwe njenjete zinkamva. Akwati a mumsewumo ankagwetsa misozi pa ukwati, anthu n'kumati chikondi ndiye chimenechi, pomwe ndi maso akuwawa ndi kamfa wa m'thumba la pachifuwa.

Msewu wonse unkawaseka a Kamfa, kupatula Anesi, amene nyumba yawo inagundana khoma ndi kashopuko. Anesi anagwira ntchito m'chipatala cha ana mpaka kupuma, ndipo ali mtsikana anaonapo mwana atabwera mochedwa, m'kamwa mukununkha kamfa. Nkhope ya mayi wa mwanayo sanaiiwale. Tsono ankakhala pakhonde n'kumayang'ana kashopuko ndi diso la nkhwezule, makamaka poti ankalera kachidzukulu kawo ka zaka ziwiri, kamene kankalawa chilichonse, kuyambira nsapato mpaka mchira wa mphaka.

"Tsiku lina mudzapha munthu, a Kamfa," ankatero Anesi.

"Ndapha njenjete zokhazokha, Anesi, ndipo abale ake sanabwerepo kudzadandaula."

Kwa a Kamfa panalibe vuto limene kamfa sakanatha. Wa msana ankamupatsa mafuta a kamfa opaka. Ometa tsitsi anawaikira kachidutswa m'bokosi la masizasi kuti asachite dzimbiri, ndipo dzimbirilo linathadi. Bambo wina amene anasaka ntchito zaka zitatu anabwereka suti yakuda yokayesedwera mafunso. Anakapeza bwana ali ndi chimfine cha sabata yathunthu, ndipo atangolowa muofesi mphuno za bwanayo zinatseguka zonse ziwiri. Ntchito anaipeza. A Kamfa anayenda msewu wonse kulengeza kuti zimene satifiketi inalephera zaka zitatu, thumba lawo lazitha m'mphindi zisanu.

Kamodzi kokha ndi pomwe kamfa anawasowetsa mtendere. Anaona kuti tizidutswa tikuchepa m'matumba, ena n'kutsala kansalu kokha. Anatchera misampha ya mbewa, osagwira kanthu. Anayamba kuyang'ana makasitomala cham'mbali. Mapeto ake anakadandaula kwa Aphunzitsi a sayansi, amene ankakhala kumapeto kwa msewu.

"Palibe wakuba," anatero Aphunzitsi. "Kamfa akakhala pamphepo sasungunuka ngati mchere m'madzi. Amangosanduka mpweya pang'onopang'ono mpaka kutha. Fungo mukumvali ndi iyeyo akuchoka."

Munthu wina akanachita manyazi, koma a Kamfa anaomba m'manja.

"Mwamva, Anesi? Ngakhale imfa yake ndi yaulemu. Savutitsa anthu ndi bokosi."

Aphunzitsiwo anawaonetsanso kuti kamfa weniweni ukamunyenyera m'beseni la madzi oyera, tizidutswa timazungulira tokha ngati tikuvina. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse a Kamfa ankatulutsa beseni pakhomo n'kumaimbira tizidutswato nyimbo. Tsiku lina anafuna kuonetsa anthu kuti kamfa amayaka ngakhale ali pamadzi. Anayakadi, n'kutenga nsidze zonse ziwiri. Kwa mwezi wathunthu a Kamfa ankaoneka ngati munthu wodabwa ndi chilichonse chimene wauzidwa.

Anesi anawapaka mankhwala pachipumi, ndipo poti munthu anali atakhala pansi osatha kuthawa, anawalalikira ulaliki wawo wa masiku onse.

"Kamfa ndi wopaka, pang'ono, pakhungu lopanda bala, kwa munthu wamkulu. Si wa m'kamwa. Mwana akameza kachidutswa kochepa ngati chikhadabo amaphiriphitha ngati wakhunyu. Zikatero osamusanzitsa. Osamupatsa mkaka kapena mafuta, zimangothamangitsa poizoni kulowa m'magazi. Osamuika kanthu m'kamwa. Kumugoneka cham'mbali, n'kuthamanga naye kuchipatala pamodzi ndi chimene wamezacho. Mukundimva?"

"Ameni, Anesi. Nyimbo yotsekera tiimba iti?"

Anesi ankabwerera kwawo mtima ukuwawa, akudziwa kuti mawu awo alowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Koma Anesi anali ndi kachinsinsi. Chaka china njenjete zinalowa m'sutikesi yawo n'kudya bulangeti limene malemu amuna awo anawagulira, pamodzi ndi juzi yoyera ya kuntchito. Anayesa kuyanika padzuwa, anayesa kukuntha, njenjete osamva. Kukapempha kamfa pakhomo loyandikana kunali kudzipereka kwa fisi, chifukwa a Kamfa akanaika nkhaniyo pa chikwangwani. Choncho anakwera basi mpaka kutsidya kwa tauni, n'kukagula kamfa kwa munthu wosawadziwa. Anamukulunga m'mapepala atatu apulasitiki, n'kumuika m'chitini cha mabisiketi, chitinicho n'kuchikankhira kukhoma pansi pa bedi, kutali ndi zenera. Anabisira mphuno ya munthu wamtali, n'kuiwala manja a munthu wamfupi.

Linali Loweruka cha m'ma teni koloko m'mawa. Anesi ankachapa kuseri kwa nyumba, kenako anazindikira kuti m'nyumba mwakhala zii nthawi yaitali. Anakapeza timiyendo tiwiri tikuonekera pansi pa bedi. Chitini chinali chotsekula, mapepala ong'ambika, ndipo kamwanako kanali ndi zoyera pamilomo. Anakanyamula n'kuthamanga nako panja. Asanafike pamsewu, maso a mwanayo anatembenuka, thupi lonse n'kuyamba kuphiriphitha m'manja mwawo.

Anesi anathandizapo ana osawerengeka a anthu ena. Koma uyu anali wawo, ndipo mutu unaima. Anangogwada pansi, pakamwa pali yasa, osakumbukira ngakhale chinthu chimodzi.

Anthu anathamangirapo. Mayi ogulitsa makala anabwera ndi kapu ya mkaka. Ometa tsitsi anabwera ndi supuni yoti aike pakati pa mano. Wina ankakuwa kuti amupise chala kukhosi. Ndiye m'kashopu muja munatuluka a Kamfa, tepi yoyezera ili m'khosi. Anawerama, ananunkhiza kamodzi, n'kudzuka ali munthu wina.

"Mkakawo kamwereni kwanu, mayi. Mafuta ake amathamangitsa poizoni kulowa m'magazi. Supuniyo bwererani nayo. Wopisa chalayo ndimuthyola chalacho. Patukani, mwana apume."

Anavula jekete la suti yotuwa, limene palibe anawaonapo atalivula, n'kuliyala pafumbi. Anamugoneka mwanayo cham'mbali, n'kutola kachidutswa kamene kanatsala m'kadzanja kake. Anesi ankamva ulaliki wawo womwe ukutuluka m'kamwa mwa munthu amene ankauyasamulira zaka zonsezo, osaphonya liwu ngakhale limodzi.

M'shopumo munali kasitomala amene ankayesa suti ya ukwati wa mlongo wake, ndipo galimoto yake inali pakhomo. A Kamfa anamukoka momwemo, mwendo umodzi wa thalauza uli ndi mapini, nsapato kulibe. Munthuyo anayendetsa galimoto akulira ndi mapini mpaka kuchipatala.

Kumeneko a Kamfa sanadikire kufunsidwa.

"Kamfa, adokotala. Wameza pafupifupi theka la ola lapitalo. Chotsala ndi ichi. Waphiriphitha kawiri. Sitinamusanzitse, sitinamupatse kanthu."

Adokotala anawayang'ana pamene ankabaya mwanayo jakisoni woletsa kuphiriphitha.

"Munagwirapo ntchito m'chipatala, bambo?"

"Ayi, ndaphunzira pakhonde zaka makumi atatu. Aphunzitsi anga ndi awa akulirawa."

"Nanga kamfayo anamupeza kuti mwanayu?"

Anesi anatsegula pakamwa, koma a Kamfa anawapitirira.

"Ndi wanga. Ndinagwetsa."

Dzuwa likupendeka, mwana anali atagona tulo tabwino, akupuma ngati palibe chachitika. Awiriwo anakhala pabenchi panja pa wodi.

"Mwanamiranji?" anafunsa Anesi. "Wanu mumasunga pashelufu ya pamwamba, m'bokosi lokiya. Ndinaona. Munakweza tsiku limene mwanayu anayamba kukwawa."

"Ine anthu amandidziwa kale kuti ndine wopenga, sinditayapo kanthu. Inu ndinu Anesi." Anakanda pachipumi. "Koma mapepala atatu apulasitiki, Anesi? Mumandinyoza. Ndinamumva tsiku lomwe munatsika naye basi. Ndinangoyesa kuti muli naye pamwamba pa wadiropu, monga mumalalikira."

Anesi anaseka akulira, ndipo anawalumbiritsa a Kamfa kuti nkhaniyi ithere pabenchi pomwepo. A Kamfa analumbira atagwira pachifuwa.

Mwana anatuluka patatha masiku awiri, akufunsa za mphaka. Mumsewu a Kamfa anaona zakuda. Nthawi iliyonse Anesi akamadutsa, ankamva wina akuwadzudzula mokweza. "A Kamfa, munatsala pang'ono kutiphera mwana." Iwo ankangoweramitsa mutu ngati munthu wolapa. Anesi ankafulumiza miyendo, manyazi akuwadya m'kati, koma kulankhula ankalephera. Zinakhala choncho zaka khumi ndi ziwiri.

A Kamfa anamwalira masana, atakhala pampando wawo pakhomo la shopu, atangomaliza kukangana ndi Aphunzitsi za mvula. Tsiku loika maliro, theka la amuna a mumsewumo linavala masuti a m'shopu yawo, ndipo ulendo uno palibe ananamizira kamfa pa misozi. Pobwera kumanda anthu anakhala pamabenchi kutsogolo kwa shopu. Anesi anaimirira.

"Abale anga, ndasenza katundu zaka khumi ndi ziwiri. Munthu tamuika lero mwakhala mukumunyozera mlandu wanga. Kamfa amene anameza mwana uja sanali wawo. Anali wanga, ndinabisa pansi pa bedi."

Ometa tsitsi anatsokomola n'kuyang'ana nsapato zawo. Mayi ogulitsa makala anakoka Anesi pa nsalu.

"Khalani pansi, Anesi. Tikudziwa."

"Mukudziwa chiyani?"

"Za chitini cha mabisiketi. Ndi mapepala atatu."

"A Kamfa anatiuza sabata yomweyo," anatero ometa tsitsi. "Aliyense payekha, atatseka chitseko. Ine ndinkayesa ndikudziwa ndekha mpaka chaka chitatha."

"Nanga kunyoza konse kuja?"

"Anatituma okha. Anati tizikweza mawu inu mukamadutsa, kuti musakayike. Ine anandibweza kawiri, ati sindikumveka wokwiya mokwanira."

Aphunzitsi anayamba kuseka, kenako benchi lonse, mpaka achibale ochokera kutali anadabwa kuti ndi maliro anji amenewa. Anesi anafuna kukwiya koma anasowa pogwira.

"Ndiye munkandiseka nthawi yonseyi?"

"Kuseka ayi," anatero mayi ogulitsa makala. "Tinachita mantha. Tinati ngati zagwera Anesi, ife ndife ndani? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sabata imeneyo msewu wonse unakweza mankhwala, palafini ndi kamfa pamwamba. Mashelufu anatikhomera ndi a Kamfa omwewo, ena anapindika koma akadalipo."

Anesi anawerenga mumtima ana amene anabadwa mumsewumo kuchokera chaka chimenecho, ndipo sanapeze ngakhale mmodzi amene anathamangitsidwapo kuchipatala atameza chinthu. Anakhala pansi n'kulira momasuka, nthawi yoyamba tsiku limenelo.

Kashopu kaja tsopano amakonzeramo mafoni. Mnyamata wake ndi waulemu, ndipo Anesi akanena kanthu amangoti, "Zoona, amayi." Msewu wonse ndi momwemo. Anesi amapambana mkangano uliwonse usanayambe, ndipo zimenezi zimawatopetsa kuposa matenda a miyendo. Amakhala pakhonde mpaka madzulo, akusowa munthu mmodzi woti awayankhe zopanda pake.

Tsiku lina chidzukulu chija, chimene tsopano chinawapitirira msinkhu, chinafika kuchokera kusukulu n'kuwapeza akuyang'ana chitseko cha shopuyo.

"Agogo, kodi a Kamfa anali munthu wotani kwenikweni?"

"Wabodza, wamakani, ndipo chinsinsi sichinkagona m'mimba mwawo," anatero Anesi, akupukuta m'maso. "Ukadzabereka mwana, dzina usadzavutike kufunafuna. Ndinakafunsa kale lenileni la pa chiphaso."