Mfuti Yodya Mpweya

Usiku wathawu ndinalota zoti ndikakuuzani muziti ndinagona ndi malungo. A Nangondo, imitsani kaye makinawo, diresilo silithawa.

Mukudziwa kuti mwana wanga Mwandida analowa kagulu kowombera chandamale kusukulu kwawo, ka mfuti za mpweya zija. Wakhala akundiitana kuti ndikaone, ine n'kumazemba, poti mfuti ndimaiopa ngakhale ya pachithunzi. Dzulo anangonena motsitsa mawu kuti, "Amayi, Loweruka lino makolo akuloledwa kuyesako. Mukapanda kubwera sindidzakuvutitsaninso." Mawu amenewo ndinagona nawo.

Ndiye ndinangopezeka ndili m'holo yaitali yosaoneka mathero, tepi yoyezera ili m'khosi ngati ndili kuno kuntchito. Pakhomo panaima bambo a jekete yobiriwira, oyang'anira malowo.

"Mayi, mumaonera diso liti?" anandifunsa.

Ndinati onse awiri.

"Kuno timalola limodzi. Linalo lisiyeni pakhomo pamodzi ndi ambulera."

Ndikuganiza kuti ndilichotsa bwanji, mwadzidzidzi jekete ija inayamba kusinthasintha mtundu, zala zawo n'kuphatikana, kumbuyo kukutuluka mchira wopiringizika. Bambo aja asanduka nanzikambe, chipewa chili pamutu pomwepo. Diso lina lili pa ine, lina lili kudenga. Ndinafuna kufunsa kuti nanga iwowo alowa nawo bwanji awiri, koma ndinaona kuti ndi munthu waudindo.

Ndiye anandipatsa mfuti, yolemera ngati mutu wa makina osokera. Ndinailandira, iyo n'kutsokomola.

"Musandigwire ngati nkhuku yoti mukaphe," inatero mfuti. "Ndikhazikeni paphewa, tsaya lanu ligone pa ine."

Mantha anayamba kuchepa, chidwi n'kukula. Ndinaifunsa kuti wonga amauthira pati.

"Ine sindidya wonga, ndimadya mpweya. Ndithyoleni pakati, musaope, ndimabwerera."

Ndinaithyoladi pabondo, iyo n'kukoka mpweya ngati munthu wokwera chitunda. A nanzikambe anandiika m'dzanja kachipolopolo kakang'ono kwambiri, kooneka ngati kamtsikana kovala siketi yotambalala. Ndinakatembenuza kuti ndione msoko wa siketiyo, osaupeza. Ndikukalowetsa m'mfutimo kanafunsa kuti, "Mukundituma kutali? Ndikanadziwa ndikanadyeratu."

Kutsogolo kunali chandamale, pepala la mizere yozungulira, pakati pali kadontho kakuda. Ndinatsinzina diso limodzi n'kulozetsa. Ndiye kadontho kaja kanayamba kuyendayenda, uku kapite, uku kabwere, mmwamba, pansi. Ndinati, "Taimani kaye, ndikulozetsani bwanji mukuvina?"

Chandamale chinayasamula. "Mayi, ine ndaima chiimire kuyambira mmawa. Amene mukuvina ndinu."

Manyazi anandigwira, ndiye ndinatsinzina ndi diso linalo lomwe n'kukoka chala mwamphamvu. Pha. Kachipolopolo kanatuluka, kanafika pachandamale, kanapereka moni n'kulambalala, kenako kanakhota pawindo. Ine m'mbuyo, poti ndinafuna kudziwa kuti kathera kuti.

Mwadzidzidzi ndili pamsika wa masamba, mfuti ili kumsana ndaibereka ndi chitenje. Anthu azungulira kabichi wamkulu, kachipolopolo kanga kakhala m'kati, kakuoneka siketi yokha. Panafika mayi owerenga zigoli, ovala magalasi, akuyenda mofulumira, ndiye khosi lawo linayamba kuwonda, diresi n'kumera nthenga, mpaka pamaso panga panaima nkhanga yovala magalasi.

"Kabichi sitiwerenga," anatero.

Ine maso anali pa mawanga awo. Ndinafunsa kuti anawapeza kuti okongola chonchi.

"Onsewa ndi a ophunzira ophonya chandamale ngati inu. Lililonse lili ndi mwini wake. Paphikopa pali malo, mukafuna."

Ndiye ndikufuna kupepesa, kabichi uja anatseguka ngati chitseko, ndikulowamo ndapezeka m'holo muja. Pambali panga panaima Mwandida, mfuti paphewa. Anzanga, mwana wanga yemwe uja wosakhazikika, wogwetsa makapu, anali ataima zii ngati mtengo wa magetsi. Nkhope imeneyo sindinaionepo kunyumba. Anawombera, pakati penipeni pa kadontho panatseguka kabowo, chandamale n'kuusa moyo ngati achikanda poyabwa.

Mwandida anacheuka, anayang'ana mipando yakumbuyo, osandiona, n'kutembenukanso.

"Amatero nthawi zonse akawombera bwino," chinandinong'oneza chandamale. "Ndikamufunsa kuti akufuna ndani kumipandoko, amati palibe."

Ndinamuitana Mwandida, mawu osatuluka, poti mpweya wonse inali itadya mfuti. Ndinaimasula kumsana n'kuipempha kuti indigawireko. Inati, "Tengani, unali wanu womwe." Ndiye ndinati, "Mwandida, ndabwera."

Sanadabwe. Anangobwera kumbuyo kwanga, nandikankha mwendo kuti nditangadze pang'ono, nandikonza chigongono monga ndinkamukonzera dzanja pomuphunzitsa kugwira singano.

"Amayi, diso limodzi likhale lotsegula, musabisale. Tulutsani mpweya pang'ono, wotsalawo musunge. Chala musakoke, finyani pang'onopang'ono ngati mukuyesa papaya ngati lapsa."

Ndinatero. A nanzikambe anabweza maso onse awiri pa ine, a nkhanga anavula magalasi. Kadontho kanayenda, kanayenda, kenako kanatopa n'kuima. M'holo monse munali chete, ndikungomva dzanja la mwana wanga pamsana panga. Ndinafinya, ndinafinya.

Pha.

Linali bango lakupsa, lathothoka mumtengo, lagwa padenga la malata n'kugubuduka mpaka pansi. Kunja kwayera, ine ndagona chagada, diso limodzi lotsinzina, chala chili m'malere. Ngati ndinalasa kapena ndinaphonya sindikudziwa mpaka pano.

A Nangondo, Loweruka makasitomala anga muwalandire ndinu.