Pepala la Mateyu Limene Ndinayendetsa Pamphasa

Amene analipo tsiku limenelo pakhonde langa ku Bangula ndi awa: ine mwini, amene ndine mayi wake wa malemu Mateyu, mpongozi wanga Fainesi, mkazi wa malemuyo, mwana wanga Rozina, mlongo wake wa Mateyu, amene amagwira ntchito mu ofesi ku Nchalo, alamu anga a Thomu, bambo aang'ono a malemu, ndi a Jowawo, achimwene ake a Fainesi, amene anaimira kuchikazi. Mpando umodzi unalibe munthu. Unali wa achimwene anga a Khembo, malume ake a Mateyu, amene madzi anawatsekereza tsidya la Chiromo. Ndayamba ndi mayina chifukwa mwa anthu onsewa, amene anawononga zinthu ndi mmodzi yekha, ndipo ndi amene akulembayu.

Mateyu anagwira ntchito ku Joni zaka zambiri. Atabwera komaliza, akudwala kale, anandipatsa pepala lopinda lokutidwa m'pulasitiki nati, "Amayi, ili ndi la Fainesi ndi ana. Musalinyowetse, musalionetse." Ndinaliika m'chitini cha mkaka ndi kulimangirira kudenga, kumene ndimasunga satifiketi yanga ya sekondale, poti kwathu kuno madzi saodira polowa m'nyumba. (Lamulo loyambalo ndinalisunga bwino lomwe. Pepalalo silinanyowepo mpaka lero.)

Maliro atatha, tameta, ndinatsitsa chitinicho ndi kuonetsa Rozina. Papepalapo panali kabokosi ka timadontho takuda ndi toyera ngati nthenga za nkhanga, ndipo pambali pake panali malo omata ndi kapepala kena. Rozina analoza kabokosiko ndi foni yake, nakhala pansi mwadzidzidzi.

"Amayi, umu muli bitikoini, ndalama za pa intaneti. Zikwanira kugula malo kumtunda ndi kumangira alamu nyumba ya njerwa zootcha."

Mudziwe kuti nyumba ya Fainesi inali kudambo, ndipo khoma lake limodzi linali litapita kale ndi madzi.

"Mbali yoonekayi ilibe vuto," Rozina anapitiriza. "Ili ngati kuloza nkhokwe uli pamsewu. Koma pansi pomatapa pali kiyi. Amene wamujambula kapena kumukopera, ndalama ndi zake. Safunsidwa dzina, sadinda chala. Tilowe kuchipinda atatu, inu, ine ndi alamu. Titsegule waleti yatsopano, kachikwama kosungiramo ndalamazi, pafoni ya alamu, mawu ake achinsinsi tiwalembe pamanja, timatule apa, tisamutse zonse kamodzi. Zikatero pepalali latha ntchito. Kenako muitane abale, muwauze."

"Kuchipinda?" ndinafunsa. "Chuma cha masiye?"

Pano ndiyenera kudziikira kumbuyo pang'ono, chifukwa palibenso wina amene angatero. Ndaona mabanja akupasuka chifukwa cha njinga yopanda tcheni. Ndaona mkazi wamasiye akusechedwa mpaka m'mitsuko. Mwambo umene ndinaupeza ndi wakuti katundu wa malemu amayalidwa pamphasa masana, akuchimuna ndi akuchikazi aone, agwire, kuti mawa pasatuluke wonena kuti mkazi anabisa kanthu. Ndinkafuna kutchinjiriza dzina la Fainesi. Ndinamuuzanso Rozina kuti ine ndinakhoza mayeso a sekondale iye asanabadwe. (Zimenezi n'zoona, koma pamayesopo panalibe funso la bitikoini.)

Choncho tinayala mphasa. Tinaikapo jekete, nsapato, wailesi, sutikesi, njinga tinaitsamiritsa pakhoma, ndipo pakati pa zonsezo ndinaika pepala. Rozina anafotokoza zimene zinali m'menemo, nawapempha kuti pomatapo pasakhudzidwe.

A Thomu anatsokomola. "Alamu, jeketeli talipisa mpaka m'matumba. Sutikesi taigwedeza. Nanga kumene kuli chuma chenicheni ndiye kokhala kotseka?"

A Jowawo anavomereza ndi mutu, ndipo aka kanali koyamba kuti amuna awiriwa agwirizane chiyambire maliro. Zimenezi zinandikondweretsa kwambiri. Ndinatenga pepalalo, ndi chikhadabo changa ichi ndinamatula.

"Amayi!" Rozina anafuula.

"Akulu akulankhula," ndinatero.

Pansipo panali kabokosi kena ka timadontho ndi mzere wautali wa zilembo zosakanizika ndi manambala. A Thomu analigwira chadodolido, naliyandikiza kumphuno. A Jowawo anati, "Ndiye mlamu wathu watisiyira chithunzi cha chiswe?" Anaseka okha. Kufikira pamenepo, Rozina anandiuza pambuyo pake, tinali tisanafe, chifukwa maso a anthu okalamba sangaloweze mzere umenewo ngakhale ataupenya mpaka Khirisimasi.

Kenako diso langa linagwa pampando wopanda munthu uja.

"A Khembo sanaone," ndinatero. "Mwini mbumba. Rozina, jambula uwatumizire."

Rozina anaimirira, naika foni yake m'chikwama, natseka zipi. Chibadwire chake anali asanandikanirepo kanthu pamaso pa anthu. "Amayi, mundimenye kaya munditukwane, koma ichi chokha sindichita."

Ndinachita manyazi pamaso pa alamu anga, ndipo munthu wachikulire akachita manyazi amauma khosi. Ndinatulutsa foni yanga, imene Mateyu yemweyo anandigulira. Chithunzi choyamba chinatuluka chachimbuuzi. Ndinapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje, ndinasendera padzuwa, ndinabwereza mpaka kadontho kalikonse kanaoneka bwinobwino. (Ndakhala ndikujambula zidzukulu zanga zopanda mitu kwa zaka zambiri. Chithunzi chabwino chimene ndinajambulapo m'moyo wanga ndi chimenecho.)

Malo okhawo amene ndimadziwa kutumizako chithunzi ndi gulu la banja la pafoni. Ndinatumiza kumeneko. M'gulumo muli asuweni a ku Lilongwe, a ku Tete ndi a ku Joni, muli alamu a alamu athu, mulinso bambo wina amene anatibwereka tenti paukwati ndipo palibe analimba mtima kumuchotsa.

Rozina anagwada. "Chabwino amayi, zachitika. Tsopano tisamutse pompano, mpunga usanapse pamoto."

"Tidikire mawu a malume ako."

Fainesi, amene anakhala kumbuyo kwathu tsiku lonse osatsegula pakamwa, anasendera chogwada nanena chapansipansi, "Mai, mverani alamu anga a Rozina." Mpongozi sabwereza mawu kwa apongozi ake. Sanabwereze.

Kutsidyako kunalibe magetsi otchajira foni, choncho tinadikira. Pagulupo anthu ankatumiza timanja topemphera. Wina analemba kuti mzimu wa malemu uuse mumtendere. Ine ndinagona tulo tabwino, ndikudziuza kuti ndayendetsa chuma cha masiye popanda mkangano. Patapita masiku awiri, m'mawa, a Khembo anayankha: "Ndaona tinyerereto. Pitirizani."

Tinakhalanso pakhonde. Rozina anatsegula waleti yatsopano pafoni ya Fainesi, analemba mawu achinsinsi pamanja monga ananenera, analoza kiyi uja ndi foniyo. Foni inazungulirazungulira, kenako inaima. Fainesi anasuzumira, nanena m'Chisena chakwawo, "Nkhabe chinthu."

Munalibe kanthu. Ndalamazo zinali zitatuluka madzulo omwewo a tsiku la mphasa, mbuzi zisanalowe m'khola. Rozina anationetsa kumene zinapita: mzere wina wa zilembo, wopanda dzina, wopanda mudzi. Chilolezo cha a Khembo chinali chotsegulira nkhokwe yosesedwa kale.

Ndinalowa m'nyumba, ndinavala duku ndi nsapato zakutchalitchi, ndinatuluka. "Tiyeni ku ofesi ya bitikoini," ndinatero. "Kaya ili ku Blantyre, tikwera minibasi."

"Ilibe ofesi, amayi."

"Nanga bwana wake?"

"Ilibe bwana. Zikatuluka zatuluka."

Ndinaima pabwalopo ndi nsapato zakutchalitchi, wopanda kopita.

Zimene ndinkaopa zinabwera zonse, ndipo zinabwera ndi anzake. Akuchikazi akuti akuchimuna anaba. A Khembo anatuluka m'gulu osatsanzika. Bambo wa tenti uja anagula njinga yamoto, ndipo ngakhale mwina anagulitsa thonje lake, sindimuyankhanso moni ndi mtima wonse. Koma choipitsitsa ndi ichi: a Thomu akuyenda akufunsa anthu kuti, "Nanga Rozina ndi mlamu wake ankafuniranji kuchipinda?" Uphungu womwe ukanatipulumutsa ndi umene wasanduka umboni wowatsutsa. Kumsika kumene Fainesi amagulitsa nsomba, amayi ena amamufunsa kuti nyumba ya malata ayamba liti kumanga.

Mvula isanayambe ndinasamutsa Fainesi ndi ana kuchoka kudambo kuja, ndinawapatsa nyumba yanga ino, ine ndinalowa m'kachipinda kosungiramo mapira. Fainesi anawomba m'manja mothokoza nati, "Takhuta, mai." Mpaka lero amandiikira madzi osamba. Akanandilalatira kamodzi kokha, bwenzi ndikugona.

Kaya ndaphunzira, sindidziwa. Mwambo wa mphasa sindinautaye, ndipo ndikadzafa zanga zonse mudzayale masana. Chimene ndavomera ndi chakuti pali chuma china chimene ukachionetsa wachipereka, ndi kuti mwana akakukanira pamaso pa anthu koyamba m'moyo wake, uyenera kufunsa chifukwa. Komabe nditamaliza kulemba izi ndinafunsa Rozina ngati ndingazijambule ndi kuziika pagulu lija kuti abale onse aone. Anandiyang'ana nati, "Izo zokha ikani, amayi."

Tsono ndikupempha aliyense amene mawu awa adzamufike m'manja kuti awasunge, ndipo ana a Mateyu akadzakula adzawerengeredwe. Adzadziwe kuti wakuba sitimudziwa, koma wotsegula khomo ndi agogo awo. Adzadziwenso ichi, chimene onse amene anali pakhonde paja anachiona ndi maso awo: pepala lija likuyenda pamphasa linafika kwa Fainesi, ndipo iye anabisa manja m'chitenje nayang'ana pansi, chifukwa mwamuna wake anati lisaonetsedwe. M'banja lonse lino, kuchokera ku Bangula mpaka ku Joni, munthu yekhayo amene anakana kuona kiyi ameneyo ndi mayi wawo.