Ndowa Ziwiri za Mayi Nabanda

Lolemba

Thanki ya gasi yadwala. Lawi kukhitchini ya sukulu lafupika ngati chala cha khanda. Chifukwa ndikuchidziwa: madzi ochokera kukhola ndi kophera nkhumba ngokhathamira kwambiri. Magazi, mafuta, ndowe. Tizilombo topanga gasi talemedwa nazo, m'thanki mwasasa.

Loweruka akulu ampingo, eni sukuluyi, akubwera kudzamwa tiyi wophika pa gasi. Lawi likapanda kuyaka, thanki aikwirira, ine ndibwerere kwathu ku Chisepo ndi digiri yanga kukhwapa.

Mankhwala alipo: madzi otuluka m'thanki azibwezedwa polowera. Amasungunula okhathamirawo, amaziziritsa asidi, amabwera ndi tizilombo tozolowera kale ntchito. Pampu tilibe. Tili ndi:
ndowa ziwiri,
mayi Nabanda osamala khola,
ine wolozera ndi chala.

Lachiwiri

Ndafotokoza theka la ola, chithunzi chojambula padothi. Mayi Nabanda amvetsera atapinda manja. "Zotuluka zibwerere kumene zachokera? Chabwino, aphunzitsi." Chabwino ameneyu wabwera msanga kwambiri.

Lachitatu

Ndili ku Malomo kusaka timapepala toyezera asidi. Wagolosale wina wandipatsa soda wa therere. Pobwera andiuza kuti ndowa makumi awiri zalowa. Lawi lafupikanso! Fungo la m'thanki ngati thobwa loiwalika m'chigubu.

Lachinayi

Ndanunkhiza potulukira kanayi. Ahedi andipeza nditagwada pamenepo, abwerera mwakachetechete.

Dzenje la madzi otuluka likuphwa, kusonyeza kuti akutungadi. Nanga bwanji thanki sikuchira? Oganiziridwa: mabuku anga, amene anandiphunzitsa, mphuno yanga.

Lachisanu

Ndalawirira, ndabisala kuseri kwa khola kuti ndione zochita za mayi Nabanda. Ndowa yoyamba: madzi a pamjigo, oyera mbee, khuthu polowera. Yachiwiri, yakuda bii, ikutsetsereka phiri kupita kudimba, ku nazale yawo ya fodya.

Ndawatulukira, koma sanachite mantha. "Tiyi wa abusa aphikidwe ndi nyansi zobwereza? Ndati ndikuchotsereni manyazi. Kukutsutsani pagulu sindikanatha, inu ophunzira."

Ndafotokozanso kuti a pamjigo amangosukuluza, asidi sathetsa, tizilombo alibe. Avomera kuti chabwino.

Ndasenza ndekha. M'dzenje munatsala ndowa zisanu ndi imodzi. Shati ya mawa yalawako.

Loweruka

Machesi: khumi ndi anayi.
Lawi: phu! kamodzi, lapita.
Akulu ampingo ayimba nyimbo podikira, ndime zonse, kenaka ayambiranso. Tiyi wapsa pa nkhuni kuseri, utsi wake ukulowa pawindo kudzandichitira umboni.

Wina wasuzumira kumunsi, waona kubiriwira. Gulu lonse latsikira kudimba, majekete paphewa. Funso limodzi lokha tsiku lonse: "Mayi, feteleza wake ndi uti ameneyu?" Za asidi palibe wafunsa. Ndinakonzekera masamba atatu a mayankho.

Lamulungu

Chigamulo chatuluka titaweruka kutchalitchi. Thanki saikwirira. Khitchini ibwerera ku nkhuni, za gasi tiiwale. Thanki izipanga manyowa amadzi a munda wa mpingo, oyang'anira ndi mayi Nabanda.

Ku Chisepo sindipita. Akuti mayiwa afunika wowathandiza wodziwa kulemba, wamphamvu zosenzera.

Andionetsa kale njira ya mawa: kutunga potulukira, kutsika phiri, osacheukira polowera.

Ndayankha kuti chabwino.