Tsiku Limene Mkwatibwi Anapitirira Tchalitchi

Mwambi wa kuthamanga uja unayamba motere, ndipo musandidule pakamwa, chifukwa nkhaniyi ndikaikumbuka mtima umandiwawa ngati zachitika dzulo. Iwe Tiyese, ika pansi foniyo. Ndakumva ukuuza mng'ono wako kuti galimoto mwagula ija mungoiika mapadi a buleki otchipa, bola iziyenda. Magazi sanama. Mawu amenewo ndinayamba kuwamva pakamwa pa bambo ako, mlongo wanga Lufeyo, amene lero amakulangizani ngati munthu wanzeru.

Musandiuze kuti mwambiwu unalipo magalimoto asanabwere. Munalipo inu? Ine ndinalipo, ndipo ndinali nditavala zoyera.

Chaka chimenecho fodya anachita bwino. Lufeyo pobwera kokagulitsa fodya wake anatulukira ndi galimoto yakale, yodutsa m'manja mwa anthu ambiri, moti chitseko chilichonse chinali ndi mtundu wakewake. Injini yokha inali yamoyo, zoona zinenedwe. Anaipatsa dzina loti Mphenzi. Koma ukaponda buleki inkalira kuti kwiii, ngati nkhumba yogwidwa mwendo.

Nthawi imeneyo n'kuti ukwati wanga ndi amuna angawa, a Gelesomu, utayandikira. Mudzi wathu mukuudziwa, uli pamwamba pa phiri, ndipo tchalitchi chili kumunsi, pamene msewu umatsetsereka kulowera kudambo. Abusa athu ankayendera matchalitchi ambiri, ndipo anali atachenjeza kuti tikachedwa iwo apitirira ulendo wawo, tidzaonana nawo mvula ikadzatha. Amalume awo a Gelesomu, a Chimbalanga, amenenso anali ankhoswe, anadzipereka kuti adzanditenga pa ngolo yawo.

“Mlongo wanga pa ngolo?” anatero Lufeyo. “Ngati thumba la chimanga? Ine ndili moyo? Esinati apita pa Mphenzi!”

Ine chitsiru ndinakondwa.

Kutatsala masiku owerengeka tinapita kutauni, ine kukatenga diresi kwa atelala, Lufeyo kukathetsa kulira kwa buleki kuja. Tinalowa m'kagolosale ka masipeyala ka bambo wina dzina lake a Kadzuwa. Iwo atasuzumira kumatayala a kutsogolo anapukusa mutu. Anati mapadi, tizitsulo timene timapana gudumu kuti liime, anali atatheratu. Kenako anayala katundu wawo patebulo.

“Awa ndiwo ake enieni a galimoto yanuyi, taonani kunenepa kwake. Awa ndi apakatikati, amagwira ndithu koma sachedwa kutha. Sankhani pamenepa.”

Lufeyo sanayang'anepo n'komwe. Maso ake anali pa chidebe cha dzimbiri chimene chinali pakona.

“Nanga umu muli chiyani?”

“Musavutike nazo, bwana. N'zochotsa m'magalimoto akufa, timangogulitsa kwa osula zitsulo.”

“Achimwene, ndikufunseni. Buleki ntchito yake n'chiyani?”

“Kuimitsa galimoto.”

“Ndiye ine ndagula galimoto kuti iziima? Kuima ndaima moyo wanga wonse m'mbali mwa msewu kudikira basi. Lero nditaye ndalama pa chinthu chondiimitsa? Komanso galimoto yangayi ndi nkhalamba. Nkhalamba simuiveka nsapato zatsopano, zimaitulutsa matuza. Ifunika anzake amsinkhu wake, odziwa msewu.”

Anapisa dzanja m'chidebe muja n'kuvuula mapadi opyapyala ngati chikhadabo. Sanali n'komwe a mtundu wa galimoto yake. Atakana kulowa, anabwereka tupa n'kuwapala mpaka analowa, ena akugwedera. A Kadzuwa anayesa kamodzi kokha kumuletsa, kenako anatambasula dzanja n'kulandira ndalama. Bambo amene uja mpaka lero sindinamukhululukire.

Pa padi imodzi panali kachitsulo kopindika. Lufeyo anafunsa ntchito yake.

“Kameneko kamalira mapadi akatha, kukuchenjezani,” anatero a Kadzuwa.

“Ohoo! Ndiye mfiti yondisokosera ija ndi imeneyi?”

Anakathyola n'kukaponya panja. Ndalama zotsala anagula hutala yoimba nyimbo.

Ine ndinalankhula, musaganize kuti ndinali duu. Ndinati, “Achimwene, kwathu n'kuphiri, bwanji mungotenga abwinowo?”

“Iwe Esinati, za magalimoto unaziphunzira kuti? Gwira diresi yako.”

Pobwerera kumudzi msewu wonse ndi chitunda chokhachokha, ndiye buleki sinafunike. Titafika anandiyang'ana monyadira. “Wamva kulira kulikonse? Zii! Galimoto yachira.”

Tsiku la ukwati a Chimbalanga anafika m'mamawa ndi ngolo kudzatenga amayi achikulire. Anandifunsanso mwaulemu. “Mayi, malo alipo. Ng'ombe zangazi n'zochedwa, koma kumene zikupita zimakudziwa.” Ine ndinakana, mphuno m'mwamba. Iwo ananyamuka, go go go, pang'onopang'ono.

Lufeyo anachedwa, akupukuta Mphenzi ndi kuimangirira maluwa. Dzuwa litakwera ndinayamba kulira, ndikuganiza za abusa.

“Ukulira chiyani? Iwo ayenda ndi ng'ombe, ife tiyenda ndi Mphenzi. Lowa!”

Ndinakhala kumbuyo ndi mtsikana wondiperekeza. Galimoto inauluka. Pamene msewu umayamba kutsetsereka tinaipeza ngolo ija. Munthu waulemu akanachepetsa liwiro n'kupereka moni, pajatu munali ankhoswe ndi amayi athu aakulu. Bambo ako, Tiyese, anaimba hutala, natulutsa mutu pawindo.

“Mukatipeze tikudya keke!”

Anawasiya akutsokomola m'fumbi.

Tsono mtsetse unayamba. Pakhota loyamba anaponda buleki, galimoto inamvera pang'ono. Pakhota lachiwiri tinamva fungo la chinthu chopserera. Pakhota lachitatu kunamveka kuti ngwe, chitsulo chinagwa pansi n'kugubuduka kumbuyo kwathu. Ndinaona mwendo wa Lufeyo ukupopa, ukupopa, koma buleki inangolowa mpaka pansi osabwerera.

“Achimwene, chepetsani!”

“Ndikuchepetsa!”

“Nanga bwanji mitengo ikuthamanga?”

Anakoka buleki ya pamanja, koma imeneyo inali itafa kalekale kwa mwini wake woyamba. Mtsikana wondiperekeza uja anatseka maso n'kuyamba kuulula machimo ake mokweza.

Tchalitchi chinaonekera. Ana inu, anthu anali atakonzeka bwanji! Akwaya atandanda m'mbali mwa msewu, amayi atayala zitenje zawo pansi kuti ndipondepo, a Gelesomu ataima pakhomo mu suti yobwereka, mayi awo ali pambali. Lufeyo anakanikiza hutala kuti anthu athawe. Koma hutala yake si inali yoimba nyimbo? Anthu anayesa chisangalalo, nthungululu zinabuka, ena mpaka anayamba kuvina kulowera mumsewu. Anazindikira mochedwa, n'kumwazikana ngati nkhuku.

Ine ndinatulutsa dzanja pawindo ndikukuwa kuti atithandize. Mawu anapita ndi mphepo. Chimene anthu anaona ndi mkwatibwi akudutsa pa tchalitchi chake, liwiro la mtondo wadooka, akubayibitsa. Nkhope ya a Gelesomu ndinangoiona kamphindi, pakamwa pali yasa. Nthungululu zinaduka pakati. Anandiuza pambuyo pake kuti amene anayamba kulankhula anali apongozi anga.

“Wathawa! Ndinkanena ine! Mwana wanga amuchititsa manyazi pamaso pa anthu!”

Ife tinapitirira. Tinadutsa sukulu, tinadutsa chigayo, tinasiya msewu, tinalowa m'bango, mpaka Mphenzi inazika mphuno m'matope a pakati pa dambo. Kunangoti zii, achule okha. Mulungu anatisunga, palibe anathyoka. Ndinatsegula chitseko n'kutitimira mpaka m'chiuno, diresi yanga yoyera, imene ndinaisungira ndalama za mtedza chaka chathunthu.

Mukudziwa chimene ananena bambo anu atatuluka? Mukuganiza kuti anapepesa? Anasisita denga la galimoto nati, “Koma Esinati, liwiro lake waliona?”

Ndinamuponya matope kumaso. Ndikanapeza mwala, bwenzi inu kulibe.

Kutchalitchi abusa anadikira ndithu, sindiwanamizira. Koma ataona dzuwa, namvanso kuti mkwatibwi wathawa, anakwera njinga yawo yamoto n'kumapita. Mbuzi zinali zitaphedwa kale, mpunga utapsa, thobwa lili m'migolo. Anthu anati chakudya chilibe mlandu. Anadya ukwati wanga ine ndisanakwatiwe, ndili m'dambo kulimbana ndi misundu.

Ngolo ija inafika bwinobwino n'kutsitsa amayi aja pakhomo penipeni pa tchalitchi. A Chimbalanga anapeza akuchimuna akumanga katundu, ukwati ukutha usanayambe. Anapisa m'thumba natulutsa kachitsulo kamene anatola pakhota lachitatu paja kakadali kotentha.

“Mlongo wanga, usatukwane mwana wa eni,” anauza apongozi. “Amene wathawa ndi uyu. Wathawa m'gudumu la galimoto.”

Pakadapanda kachitsulo kameneko, bwenzi ine lero ndili mbeta. A Chimbalanga anatenga a Gelesomu pa ngolo n'kulondola mapazi a matayala mpaka kudambo. Amuna anga atandiona anangovula nsapato, nalowa m'matope ndi suti ya eni ake, n'kundinyamula. Anandikhazika pa ngolo. Inde, pa ngolo, ngati thumba la chimanga. Mphenzi anaimanga kumbuyo ndi chingwe, ng'ombe n'kuizula.

Tinafika pa tchalitchi dzuwa litapendeka, chitseko chili chotseka, agalu akunyambita mafupa. Ukwati wathu unadalitsidwa mvula itatha, popanda mbuzi, popanda kwaya, diresi ili ndi mawanga amene sopo anawalephera. Apongozi anga mpaka tsiku lomwalira ankati akandiona ndikumanga mpango, amafunsa kuti, “Mukubweranso, mayi?” Ndiye iwe Tiyese, mawa ukagule mapadi enieni, apo ayi galimoto yakoyo isadzaime pakhomo panga, ngati idzathe n'komwe kuima.

Koma imvani mathero ake. Tili pa tchalitchi chotseka chija, ine ndikulira, Lufeyo anatsika m'galimoto yake yokokedwa ndi ng'ombe, matope ali mpaka m'makutu. Manyazi analibe ngakhale pang'ono. Anayang'ana a Chimbalanga nati, “Komabe akulu, tisanamizane. Pa mtsetse paja tinakusiyani kutali. Anayamba kufika pano ndife.”

A Chimbalanga sanakweze mawu. Anamasula chingwe, nachikulunga bwinobwino, kenako anatenga dzanja la Lufeyo n'kuikamo kachitsulo kaja.

“Pano munadutsapo, mwana wanga, tonse tamva. Tenga katundu wako. Kuthamanga si kufika.”